Nkhokwe imodzi, madengu asanu: mmene timagawanira nyimbo pakhomo pathu ku Nchalo

Loweruka lina m'mawa amayi anakhala pakhonde ndi lichero la mapira, n'kuyatsa kawailesi kawo kofiira kuti amvere kwaya. M'malo mwa kwaya munatuluka chiphokoso cha nyimbo za kubala, mpaka nkhuku zinabalalika.

"Iwe, nyimbo zanga zapita kuti?"

Mng'ono wanga, amene amayendetsa kabaza wa njinga yamoto pakati pa Nchalo ndi Ngabu, anayankha maso ali pansi: "Pepani amayi, ndinangobwereka memori khadi yanu dzulo. Ndinakaikitsamo zatsopano kumsika."

Mnyamata wobena nyimbo kumsikako anayamba wafufuta zonse kuti apeze malo. Zambiri mwa nyimbozo tikanatha kuzipezanso. Koma munalinso nyimbo zisanu ndi ziwiri zimene kwaya ya amayi inaimba pa mwambo wina wa kutchalitchi, zojambulidwa ndi foni, momwe munkamveka mawu a malemu mng'ono wawo akutsogolera. Pakhomo pathu zinali pa khadi limenelo pokha. Tsiku limenelo amayi nsima sanaikhudze.

Pakhomo pathu pali zoimbira zisanu: kawailesi ka amayi, sipika imene mng'ono wanga amamangirira panjinga, foni ya mabatani ya akazi anga, foni ya Android ya mwana wathu wamkazi, ndi sipika yaikulu ya pabalaza yolandira fulashi. Kale nyimbo zinkangoyendayenda pakati pa zisanuzi, lero pa Bluetooth, mawa pobwerekana khadi, osadziwika kuti kwawo n'kuti. Njira imene tikutsata lero ndinaitengera pa chimanga. Chimanga chimakhala m'nkhokwe imodzi, wopita kuchigayo amangotapa m'dengu. Dengu likagwera m'ngalande mumadandaula pang'ono, n'kukatapanso. Makhadi onse ndi madengu.

Yambani ndi kusankha pokhala nkhokwe

Nkhokwe yake ndi foda imodzi, pa chipangizo chimodzi, momwe mukhale nyimbo zonse za pakhomo. Yathu ili pa laputopu yakale imene ndinagula kwa mnzanga wa kuntchito. Batire lake linafa kalekale, imayaka pokhapokha ili pa magetsi, koma ntchito imeneyi silira makina amphamvu. Tsegulani foda, muitche NKHOKWE, ndipo pambali pake mutsegule ena awiri, ZOBWERA ndi MADENGU. Ntchito yawo muiona posachedwa.

Ngati laputopu palibe, musagwe mphwayi. Pezani foni ya Android, fulashi ya 32 GB kapena kuposerapo, kachipangizo kolumikizira kotchedwa OTG, ndi kadi rida. Pogula OTG mupite ndi foniyo, chifukwa pakamwa pa mafoni pamasiyana, ena ndi micro-USB, ena Type-C. Mafoni ena amafuna kuti muyambe mwayatsa OTG mu Settings, ndipo amaizimitsa okha pakapita mphindi zingapo isakugwira ntchito. Ambiri amabweza kachipangizoko kwa wogulitsa ati n'kowonongeka, pomwe vuto ndi limeneli. Pa njira imeneyi nkhokwe ndi fulashi ija, foni ndi mlatho chabe.

Nkhokwe siyenda. Siikidwa mu wailesi, sibwerekedwa kwa aneba, sipita ku chinkhoswe. Ndipo woikamo ndi kuchotsamo akhale mmodzi. Mutu umodzi susenza denga, inde, koma kiyi wa nkhokwe akakhala ndi aliyense, Febuluwale asanafike mwayamba kale kukakumba nyika kudambo.

Sonkhanitsani zonse, koma mosamala

Sankhani tsiku limene magetsi alipo, muitanitse makhadi, mafulashi ndi mafoni onse. Mu ZOBWERA tsegulani kafoda ka munthu aliyense, n'kukoperamo zonse zimene zili pa chipangizo chake. Gwiritsani ntchito Copy, osati Cut kapena Move. Magetsi akathima muli pakati pa Cut, mutha kupezeka kuti nyimbo yachoka uku koma uko sinafike bwino. Pa makhadi a eniake musafufute kalikonse mpaka ntchito yonse itatha.

Khadi lililonse limene linapitako kobenetsa muliyese ngati lodwala. Musanatsegule, lidutse kaye pa pulogalamu yofufuza mavairasi. Windows ili nayo yakeyake, yotchedwa Microsoft Defender, mumangodina khadilo ndi batani la kumanja n'kusankha Scan. Matenda ofala kuno ndi aja amabisa mafoda enieni n'kuika m'malo mwake timafayilo tokhala ndi kamuvi pangodya. Munthu amaona ngati nyimbo zatha, koma khadi likusonyezabe kuti ndi lodzaza. Timafayilo ta kamuvito musatidine, ndi momwe kachilomboko kamadumphira pa kompyuta. Mukachotsa vairasi, tsegulani Command Prompt, kawindo ka Windows kolemberamo malamulo, mulembe izi:

attrib -h -r -s /s /d E:\*.*

M'malo mwa E muike chilembo chimene kompyuta yapatsa khadi lanulo. Mafoda obisika aja abwerera poyera.

Pa foni nyimbo zimabalalika ngati mbuzi zosamangirira. Yang'anani mu Music, mu Download, mu Bluetooth, ndi mu foda ya Xender ngati mumaigwiritsa ntchito. Zolandira pa WhatsApp, pa mafoni atsopano, zimakhala kutali ndithu: Android, kenako media, com.whatsapp, WhatsApp, Media, mpaka WhatsApp Audio. Kumeneko n'kumene ndinapeza nyimbo zaukwati zimene akazi anga ankati zinasowa chaka chatha.

Mwana wanga anakwiya nditamuuza kuti nyimbo zimene anasunga mkati mwa Spotify ndi YouTube kuti azimvera opanda data sizingalowe m'nkhokwe. Zimenezo ndi zokhomedwa, zimaimba mu pulogalamu yake yomweyo basi. Zolowa m'nkhokwe ndi mafayilo enieni: ogula, otsitsa pamalo amene eniake analola, ochokera pa ma CD anu, ndi zojambula nokha. Pano ndinenepo chimodzi. Kugawana nyimbo m'nyumba mwanu n'kosiyana ndi kutsegula benchi pamsika n'kumagulitsa thukuta la eni. Lamulo loteteza ntchito za aluso la 2016 lilipo, ndipo bungwe la COSOMA linakhazikitsidwa kuti liziyang'anira zimenezi. Woimba wa kwanu konkuno akamagulitsa nyimbo zake, muguleni, amadya momwemo.

Kupeta: apa ndi pamene pali ntchito

Titasonkhanitsa zathu zinakwana mafayilo oposa 3,000. Titapeta zinatsala zosakwana theka. Nyimbo ina ya kwaya ndinaipeza kasanu ndi kamodzi: kwina dzina lake linali Track 07, kwina AUD-20230611-WA0004, kwina dzina lenileni koma lolembedwa molakwika, kwina dzina la malo a pa intaneti amene wina anaitsitsa. Ntchito imeneyi inanditengera madzulo a sabata ziwiri, ndipo sindikunamizani kuti pali njira yachidule.

Yambani ndi zobwerezabwereza. Pa kompyuta pali pulogalamu yaulere yotchedwa dupeGuru imene imasaka mafayilo ofanana. Pa foni, Files by Google imachitanso chimodzimodzi pa gawo la Clean. Makinawo akuthandizani pa mafayilo ofanana ndendende, koma nyimbo imodzi yojambulidwa kawiri mosiyana imafuna khutu lanu. Mukapeza ziwiri, kawirikawiri yaikulu ndiyo yomveka bwino, koma mverani kumapeto kwake. Zambiri zotumizirana pa Bluetooth zimakhala zoduka, ndipo zina zili ndi mawu a mnyamata wobena akulengeza dzina la shopu yake pakati pa vesi.

Kenako mafoda. Upangiri wanga ndi wakuti musanje molingana ndi mmene anthu a pakhomo panu amaitanitsira nyimbo. Amayi sanena dzina la chimbale kapena chaka chimene chinatuluka. Amati "ndiikire za kwaya" kapena "za kwathu zija". Choncho m'nkhokwe mwathu muli Kwaya, Uthenga Wabwino, Zachisena ndi Zachimang'anja, Za ku Mozambique, Zakale, Reggae, Zachinyamata, Zaukwati, Maulaliki. Mkati mwa foda iliyonse muli timafoda ta oimba, ndipo pamenepo ndi pothera. Mafoda olowana kanayi kapena kasanu amasokoneza mawailesi ang'onoang'ono, ena safika n'komwe pansi pake.

Foda imodzi ndinaipatula, dzina lake ZATHU. Mmenemo ndimaikamo zimene sizingapezeke kwina kulikonse: kwaya ya amayi, ulimba umene tinajambula paukwati wa msuweni wanga kwa Tengani, nyimbo za utse zimene azakhali anaimba pakhomo pano, ndi mawu a agogo akusimba mmene ankawolokera Shire pa bwato. Nyimbo zotchuka zikatayika mudzazipeza mawa lomwe. Izi zikatayika zapita.

Maina a mafayilo akhale a mtundu umodzi: woimba, kamzere, dzina la nyimbo. Akhale aafupi, chifukwa kagalasi ka foni ya mabatani kamangoonetsa zilembo zochepa zoyambirira. Mupewe zizindikiro zachilendo ndi tizithunzi tija timaika pa WhatsApp, zoimbira zina zimangodumpha fayilo yotero. Ngati nyimbo ziyenera kutsatana, monga za chimbale chimodzi kapena ulaliki wa zigawo zingapo, yambani ndi nambala ya manambala awiri, 01, 02, 03. Mukalemba 1, 2, 3, makina ena amaika 10 patsogolo pa 2.

Palinso dzina lachiwiri lobisika mkati mwa fayilo, lotchedwa tag. Mafoni a Android amawerenga limeneli, n'chifukwa chake mutha kukonza dzina la fayilo bwinobwino koma foni n'kumaonetsabe Unknown Artist. Pulogalamu yaulere ya Mp3tag imakonza zimenezi, ndipo imatha kutenga dzina la fayilo n'kulisandutsa tag pa nyimbo mazana nthawi imodzi. Ngati kwanu kuli mawailesi ndi masipika okhaokha, gawo limeneli mutha kulilumpha.

Mtundu wa fayilo ndiwo sungalumphidwe. MP3 imaimba paliponse. M4A imaimba pa foni yamakono koma mawailesi ambiri otsika mtengo amaikana, ndipo mawu ojambulidwa pa WhatsApp amakhala a mtundu wa OPUS umene pafupifupi wailesi iliyonse yotere siidziwa. Kuti muone mitunduyi, pa Windows yatsani File name extensions pansi pa View. Zosakhala MP3 muzisinthe ndi pulogalamu ya VLC: Media, Convert / Save, Add, kenako pa Profile musankhe Audio - MP3. Za mu ZATHU mukazisintha, fayilo yoyambayo musaitaye, muisunge pambali. Kusintha kulikonse kumadyako pang'ono kamvekedwe, ndipo nyimbo yojambulidwa mosamveka siikonzeka poisandutsa fayilo yaikulu, imangodya malo.

Chomaliza pa kupeta ndi voliyumu. Mwina munazionapo: nyimbo yakale ikuimba motsitsa, mwakweza, yotsatira n'kubwera ngati bingu mwana ali mtulo. MP3Gain imalinganiza zimenezi. Ikani nyimbo zonse, musiye pa 89 dB pamene imakhala kale, mudine Track Analysis, kenako Track Gain.

Nyimbo ikapetedwa ndiye isamuke kuchoka mu ZOBWERA kupita mu NKHOKWE.

Dziwani khalidwe la choimbira chilichonse

Musanadzaze makhadi, yesani kaye. Tengani khadi limodzi, muikemo mafoda awiri a nyimbo zisanuzisanu, muliyendetse pa zoimbira zonse. Muone zinthu zitatu: ngati chikuwerenga khadilo, ngati chikulowa m'mafoda, ndi ngati chikukumbukira pamene chinalekera mukachizimitsa. Kawailesi ka amayi kalibe batani losinthira foda, kamangoona nyimbo zonse ngati mzere umodzi wautali. Nditadziwa zimenezi ndinasiya maganizo owaikira nyimbo 1,000. Kuti afike pa nyimbo imene akuifuna akanadina kambirimbiri mpaka chala kutupa.

Chimene chimagwetsa anthu ambiri ndi kafomatidwe ka khadi. Makhadi a 4 GB mpaka 32 GB amabwera ali pa FAT32, ndipo ameneyu ndi amene mawailesi, masipika ndi mafoni a mabatani amamumva. Makhadi a 64 GB kupita m'mwamba amabwera ali pa exFAT, amene zoimbira zambiri zotsika mtengo sizimuwerenga. Munthu amagula khadi lalikulu lodula, kuliika mu sipika, sipika ili duu, n'kuyamba kunyoza wogulitsa. Pa zoimbira zotere musapitirire 32 GB, ndipo kunena zoona 8 GB ndi yokwana. Tawerengani: MP3 ya 128 kbps (nambalayi ikakwera, kamvekedwe ndi kukula kwa fayilo zimakweranso) imadya pafupifupi 1 MB pa mphindi, ndiye nyimbo ya mphindi zinayi ndi pafupifupi 4 MB. Khadi la 8 GB, limene pa kompyuta limaoneka ngati 7.4 GB, lilowa nyimbo zotere zoposa 1,800. Zimenezo ndi masiku asanu usana ndi usiku osabwereza. Pa 320 kbps zilowa pafupifupi 750, koma pa kasipika ka panjinga, injini ikulira ndi mphepo ikuwomba, kusiyana kwake simungakumve.

Pofomata pa kompyuta, dinani khadilo ndi batani la kumanja, Format, musankhe FAT32. Kufomata kumafufuta zonse, choncho yang'anani kawiri kuti mwasankha khadi loyenera ndipo zake zili kale mu ZOBWERA. Pa Volume label lembani dzina la mwini wake, zilembo zisapitirire 11: AMAYI, KABAZA, PABALAZA. Kunja kwake ndimadontheza utoto wa zikhadabo, mtundu wakewake pa khadi lililonse, kumbali yopanda timizere tagolide. Makhadiwa amafanana ngati nyemba.

Mukafomata pa foni ya Android n'kukufunsani kuti khadilo likhale portable storage kapena internal storage, sankhani portable. Mukasankha internal, foni imalikhoma khadilo kuti likhale lake lokha, ndipo wailesi kapena kompyuta sizidzaliwerenganso mpaka mutalifomatanso.

Makhadi achinyengo aliponso, ndipo ine linandigwirapo. Pamwamba linalembedwa 32 GB, kompyuta nayo n'kuvomereza 32 GB, koma mkati munali malo ochepa kwambiri. Nyimbo zoyambirira zinkaimba bwino, zotsatira maina akuoneka koma zosaimba. Khadi latsopano lililonse muliyese lisanalowe kanthu, ndi kapulogalamu ka H2testw. Kamadzaza khadi lonse n'kuwerenganso kuti kaone ngati zonse zabwerera. Kamachedwa, muthe kuphika ndi kudya, koma kamanena zoona. Ndipo khadi la mtengo wotsika modabwitsa muzilikayikira musanalipire.

Za iPhone ndingodutsapo, poti alamu anga anabwera nayo kuchokera ku Johannesburg n'kufuna nawo nyimbo. Ilibe polowetsa khadi. Nyimbo zimalowa kudzera pa pulogalamu ya Apple ya pa kompyuta, ndipo ngati foniyo inalumikizidwapo ndi kompyuta ina, imachenjeza kuti ifufuta nyimbo zakale. Ife tinaona chapafupi kuika VLC pa foniyo n'kutumiza mafayilo mmenemo.

Dengu la aliyense

Tsopano mu MADENGU tsegulani foda ya choimbira chilichonse. Khalani pansi ndi mwini wake, asankhe yekha zimene akufuna, inu muzikopera kuchokera mu NKHOKWE kupita mu dengu lake. Inde, nyimbo ina ikhala pawiri kapena patatu pa laputopu, koma MP3 ndi yaing'ono, ndipo phindu lake n'lakuti khadi la munthu likatayika kapena kufa, chithunzi chake chonse chilipo, mumangogula lina n'kuthiramo. Odziwa makompyuta angakuuzeni kuti mupange playlist, mndandanda wa nyimbo zosankha, m'malo mwa mafoda. Pa foni yamakono zimatheka, koma kawailesi ndi sipika sizidziwa kuti playlist n'chiyani.

Ndi amayi tinakhala madzulo awiri. Ndinkaimba kachidutswa ka nyimbo iliyonse, iwo n'kumati "imeneyo ikani, mwanangu", kapena kungopukusa mutu. Zinakwana 140. Anapempha kuti za kwaya zikhale koyambirira, za Chisena pakati, maulaliki kumapeto, kuti akagona nawo asaphonye nyimbo.

Apa ndi pamene ndinaphunzira chinthu china. Zoimbira zambiri zotsika mtengo sizitsata maina kapena manambala, zimaimba motsata mmene mafayilo analowera pa khadi. Ndinali nditaika manambala bwinobwino, koma kawailesi kanayamba ndi ulaliki, chifukwa ndi umene ndinayamba kukopera. Mankhwala ake ndi kufomata khadilo, n'kukopera foda imodziimodzi motsata ndondomeko imene mukufuna, yoyamba ithe kaye musanayambe yachiwiri.

Pa zoimbira zimene ndondomeko ilibe kanthu, monga sipika ya panjinga imene mng'ono wanga amangoisiya iziimba mosakaniza, ndimagwiritsa ntchito FreeFileSync, yaulerenso. Kumanzere mumaika dengu la pa laputopu, kumanja khadi. Mudine Compare, ikuonetsani zimene zasiyana. Pa zosankha musankhe Mirror, kenako Synchronize. Imangokopera zatsopano n'kuchotsa pa khadi zimene munachotsa mu dengu, ndiye ntchito ya ola imatha mphindi zochepa. Koma Mirror ndi mpeni wakuthwa. Imasandutsa kumanja kukhala ndendende ngati kumanzere, choncho mukasinthanitsa mbali, khadi lopanda kanthu lidzafufuta dengu. Chilembo cha khadi nacho chimasintha, lero E mawa F, molingana ndi zimene zalumikizidwa. Musanadine Synchronize werengani dzina la khadi ndi mndandanda wa zimene zichotsedwe. Nyimbo ziziyenda ngati Shire, kuchokera kumtunda kupita kumunsi, osabwerera.

Ogwiritsa foni ndi OTG alibe FreeFileSync, koma njira ndi yomweyo: koperani dengu kuchokera pa fulashi kupita mu foni, chotsani fulashi, lumikizani kadi rida, samutsirani pa khadi.

Mukamaliza dinani Eject musanazule khadi. Pa wailesi ndi sipika, zimitsani kaye. Makhadi ambiri amene anthu amati anapsa anangozulidwa ali pakati pa ntchito.

Nyimbo zatsopano zilowere pakhomo limodzi

Anthu sasiya kulandira nyimbo, ndipo simungawaletse. Ife tinagwirizana kuti pa khadi lililonse ndi pa foni iliyonse pakhale kafoda ka ZATSOPANO, ndipo Lamlungu loyamba la mwezi, tikabwera kutchalitchi, onse amabweretsa zoimbira zawo. Ndimayamba ndi kukolola, kukopera zatsopano zonse kupita mu ZOBWERA, chifukwa Mirror idzafufuta chilichonse cha pa khadi chimene mulibe mu dengu. Kenako kupeta, kuika m'nkhokwe, kugawa m'madengu, n'kuthira pa makhadi. Mwezi ukakhala wopanda zambiri, theka la ola latha.

Mng'ono wanga sanasiye kupita kobenetsa, ndipo sindimuletsa. Ndinangomugulira khadi lapadera la 4 GB la ntchito imeneyo. Limenelo ndi lokhalo limene limaloledwa kulowa mu kompyuta ya eni.

Tsoka likagwa, khadi lafomatidwa mwangozi, lichotseni nthawi yomweyo ndipo musaikemo kalikonse. Kufomata kwachangu sikuchotsa nyimbo zenizenizo, kumangofufuta mndandanda wake, ndipo mapulogalamu a Recuva kapena PhotoRec amatha kuzivuula. Khadi la amayi lija linalephereka chifukwa mnyamata uja atafufuta anathiramo nyimbo zina mpaka kudzaza, zatsopano zinagona pamwamba pa zakale.

Dzuwa ndi madzi

Malangizo olembedwa kwina sanena za kuchigwa kuno. Mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 40 ku Ngabu ndi ku Nsanje, ndipo m'nyumba ya malata masana mumakhala ngati mu uvuni. Sipika kapena foni musaisiye padzuwa, musaitchaje itafundidwa ndi nsalu kapena ili pansi pa pilo. Batire likatupa, lisiyeni, lingayake. Laputopu muziigwiritsa ntchito m'mawa kapena usiku, ili pa tebulo osati pa matiresi. Fumbi la chilimwe limalowa polowetsa khadi, ndipo wailesi ikayamba kudumphadumpha nyimbo, yambani mwapukuta timizere tagolide ta khadi ndi kansalu kouma musanaganize zogula lina.

Za madzi sindikufunika kuuza munthu wa kuno. Tinaona Januwale wa 2015, tinaona namondwe Idai mu Malichi 2019, namondwe Ana mu Januwale 2022 amene anaononga malo opangira magetsi a Kapichira n'kudula msewu wa M1, ndi Freddy mu Malichi 2023. Madzi akalowa m'nyumba usiku munthu amanyamula ana, sanyamula laputopu. Choncho nkhokwe ikhale ndi mapasa ake. Koperani NKHOKWE yonse pa fulashi yabwino, muiike m'kabotolo kotseka bwino, kabotoloko m'thumba lapulasitiki limodzi ndi ziphaso ndi masatifiketi, pamalo okwera pamene mungafikire mumdima. Fulashi yachiwiri ikakhale kumtunda. Yathu imakhala kwa achemwali anga ku Blantyre, ndipo ndikakwera mapiri a Thabwa kukawaona ndimapita ndi yatsopano n'kubwera ndi yakale kuti ndidzaionjezere. Fulashi yongokhala zaka zambiri osalumikizidwa nayo imatha kutaya zinthu, ndiye kusinthanitsa kumeneku kumathandizanso kuiona ngati ikadali moyo.

Foda ya ZATHU yokha ndinaikweza pa Google Drive, pomwe akaunti iliyonse ya Gmail imapatsidwa malo aulere a 15 GB. Nkhokwe yonse ingadye data yambiri, koma ZATHU ndi yaing'ono, bandulo imodzi inakwana. Nambala yachinsinsi ya akauntiyo akazi anga akuidziwanso.

Miyezi ingapo itadutsa chichitikireni za khadi lija, amayi anapita kumaliro ku Bangula, n'kukumana ndi mayi wina amene ankaimba nawo kwaya asanasamuke. Pocheza zinadziwika kuti amayi anawatumizirapo mayiwo nyimbo zina pa Bluetooth zaka zapitazo, ndipo zinali zikadali pa foni yawo ya mabatani, yomangidwa ndi mphira kuti batire lisagwe. Mng'ono wanga anapita yekha pa njinga kukazitenga, mafuta ake, osauzidwa ndi munthu. Zinapezeka zitatu mwa zisanu ndi ziwiri zija, imodzi yoduka kumapeto. Pa khadi la amayi ndi 01, 02 ndi 03. Zinayi zotsalazo tikufunsabe.